Mithunzi Iwiri pa Nsanamira Imodzi

Ine sindine munthu wopusa. Ndiyambire pamenepo, chifukwa nkhani iyi ikakupezani kudzera kwa achemwali anga a Enid, muimva ngati ya nkhalamba yomwe mutu unayamba kusokonekera. Dzina langa ndine Basil Simioni, wolemba zikwangwani. Zaka makumi anayi ndakhala ndikupenta pano pa Mangochi: mayina a maboti kuyambira ku Malindi mpaka ku Makanjira, zikwangwani za magolosale, nkhuku ndi chambo pamakoma a malo odyera. Mukaona boti la zilembo zowongoka, ndi ntchito yanga. Mukaona la zilembo zopendekeka, kafunseni ena.

Mu Febuluwale ananditengera ku chipatala ku Blantyre chifukwa cha m'mimba. Mimba inali itatupa, chakudya sichinkatsika, ndipo maso anali atasanduka achikasu. Anandijambula, anandibaya, ananditenga magazi. Tsiku lotuluka dokotala anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Bambo, kapumuleni kunyumba." Kenako anakodola mwana wanga Tiyanjana n'kutuluka naye panja. Anakhalako nthawi yoti munthu n'kumeta ndevu, kusamba, n'kuvala. Pobwera, Tiyanjana anali akumwetulira, koma maso ali psuu.

"Wati chiyani?" ndinamufunsa.

"Akuti muzimwa mankhwala, Ababa, komanso muzidya."

"Nthawi yonse ija, mawu ake ndi omwewo?"

"Amalankhula Chingerezi chambiri."

Ndikudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Nkhani yoipa samuuza wodwala, amauza womudwazika. Ine ndemwe ndinawabisira mayi ake a Tiyanjana mpaka tsiku lomaliza. Ndinkawauza kuti ayamba kunenepa, pomwe chibangili chinkawavuka chokha pamkono. Ndiye musandiuze kuti ndinkangoganiza zopanda mutu. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi basi, ngati ndikufa kapena ayi, ndipo m'nyumba mwanga momwe munalibe wondiyankha.

Choyamba kundikayikitsa anali a Enid. Achemwali angawa sagona kwa eni kupitirira masiku awiri chifukwa cha mbuzi zawo ku Malindi. Ulendo uno anabwera ndi chikwama chachikulu, buku la nyimbo ndi sefa yawoyawo, mbuzi atasiyira mpongozi amene amamunena kuti ndi wakuba. Choipitsitsa, anasiya kunditsutsa. Kuyambira tili ana, ine ndikati kwacha iwo amati kwada. Tsopano ndinayesa dala kunena kuti usipa wa ku Malindi ndi wowawa, iwo n'kungoti, "Zoonadi, achimwene."

Kenako kunabwera nsalu.

Linali Lachitatu masana, ine ndili chigonere pamphasa pakhonde. Tiyanjana amaphunzitsa ku sekondale, ndipo tsikulo anatsika pa kabaza atakumbatira mpukutu wa bafuta woyera, watsopano, wonunkhira sitolo. Kumbuyo kwake kunali kabaza wina atanyamula matabwa asanu ndi atatu, aatali, opala kale.

"Izi ndi zachiyani?"

"Ndi za sewero, Ababa."

"Sewero lanji?"

Anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza, mwachangu kwambiri ngati munthu woti waloweza. Akuti ana a sukulu akukonza sewero loimba, la nthabwala, lochitika ku Roma wakalekale. Muli bwanamkubwa wina wotumidwa ndi mfumu kukayang'anira asodzi, koma mwiniwakeyo amaopa madzi. Amaweruza milandu ya nsomba ali pamwamba pa masitepe a nyumba yake, ndipo asodzi amamunamiza tsiku ndi tsiku, uku akuimba, kuti m'nyanja mulibe kanthu koma achule. Nyimbo ndi mawu analemba mphunzitsi wina. Ntchito ya Tiyanjana inali kukonza maonekedwe a pasiteji: nsanamira zinayi, masitepe, ndi chinsalu chakumbuyo chojambulapo nyanja, ngalawa ndi mzinda.

Nkhaniyo inali yabwino, ndinatsala pang'ono kuseka. Koma ankauza munthu wolakwika. Ine ndamanga nyumba ya Pilato kutchalitchi kwathu Lachisanu Loyera lililonse kwa zaka makumi awiri. Ndikudziwa zomwe amapangira zinthu za sewero. Amatola makatoni kumsika, amasoka masaka a ufa, amabwereka nsungwi. Palibe amagula bafuta watsopano. Ndipo ndani anapalapo matabwa oti ana azikapondapo ndi mapazi a fumbi?

"Nanga bwanji osakapangira kusukulu konko?"

"Mu holo akulemberamo mayeso oyeserera."

Yankho linali lokonzeka kale. Ana anga ndikuwadziwa, akamanena zoona amayamba aganiza kaye.

Madzulo omwewo a Mwanamvua, oyandikana nafe, analowa pampanda mwakachetechete atafunda mpango kumutu. Anakhala pansi pafupi ndi a Enid osapereka moni wokweza, manja pamiyendo, nkhope pansi. Atakweza maso n'kundiona ndikumwa tiyi, anadzidzimuka mpaka kugwira pamtima. Anati anaona bafuta akulowa, ndiye anaganiza kuti abwere msanga. A Enid anaseka kwambiri, kuseka kopitirira muyeso. Ine sindinaseke. Ngati mayi wa nzeru zake waona zomwe ndaona ine, ndiye kuti wamisala sindine.

M'mawa mwake kunabwera Che Atumani. Awa ndi kalipentala wa kuseri kwa msika, mnzanga wa bawo kuyambira kalekale. Amapanga zitseko, mabedi, ndiponso mabokosi a maliro a ife Akhristu, ngakhale amakonda kutiseka kuti timawononga matabwa abwino pomwe iwo nsalu yokha imawakwanira. Masiku onse moni wawo kwa ine umakhala wakuti, "Simunafebe, Che Basil?" Tsikuli anavula nsapato, anagwada, n'kundifunsa mwaulemu mmene ndadzukira.

"Mwadwala kodi, Che Atumani?"

"Ayi, ndili bwino."

"Ndiye ulemuwu mwautenga kuti?"

Anatulutsa tepi m'thumba n'kunena kuti akufuna kuyeza khonde. Khonde langa ndi lalitali, koma iwo anayeza pamene panali mphasa yanga pokha. Anaika tepi kumutu kwanga, anaikoka mpaka kumapazi, anachotsa pensulo kukhutu n'kulemba nambala pa thabwa limodzi. Kenako anati, "Tatambasulani mkono tione ngati mphamvu zikubwerera." Ndinatambasula. Sanayang'ane mphamvu, anayang'ana kutalika. Analembanso.

"Mukamaliza mundiuze ngati ndikukwanamo," ndinatero.

Anayang'ana Tiyanjana, Tiyanjana anayang'ana a Enid, a Enid anayang'ana nkhuku.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mlonda. Ndinkanamizira kugona, diso limodzi lili pabwalo. Ndivomere kuti ngati linali bodza, analigwirira ntchito. Tiyanjana akaweruka ankavula nsapato, kumanga chitenje, n'kuyamba nsanamira. Anatenga mphasa zatsopano za bango n'kuzikulunga mozungulira malimu akale a njinga, limodzi pansi, limodzi pakati, limodzi pamwamba, n'kumanga ndi ulusi wa ukonde. Atapaka laimu kawiri, mabango aja anapanga mizere yotsika yokha kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndendende ngati nsanamira za m'mabuku a mbiri yakale. Pamutu pake anavundikira mabeseni apulasitiki, pamwamba pa beseni n'kuikapo katoni yafulati. Nsanamira yonse mwana wa Fomu 1 akanainyamula ndi dzanja limodzi. Nzeru imeneyo ine sindinaiganizepo zaka zonse za Pilato, ndipo zinandipweteka pang'ono.

Koma zitaima zinayi pabwalo, zoyera mbee, pansi pa mtengo wa mango, sizinaoneke ngati Roma. Zinaoneka ngati ziliza za anthu olemera.

Loweruka lina ndinagonadi tulo tenitweni titadya. Ndinadzidzimuka ndi nyimbo yapansipansi, yokoka, ya mawu anayi. Nditatsegula maso ndinaona anthu khumi ndi awiri ataima mzere pakati pa ziliza zija, onse atakulunga nsalu zoyera paphewa, akundiyang'ana. Ndinadzigwira pachifuwa kuti ndimve ngati mtima ukugundabe. Anali ana a sukulu, atabwera kudzayesa ngati akukwana pakati pa nsanamira. Nditamvetsera bwino, mawu a nyimboyo anali a bwanamkubwa akudandaula kuti mkazi wake akumukakamiza kusamba. Koma chuni chake, abale, munthu ukanaikidwa nacho m'manda osadandaula.

"Mwaiona bwanji, Ababa?" anafunsa Tiyanjana ana atapita.

"Aphunzira msanga. Sadzavutika tsikulo."

Anapita kukatsuka ndowa ya laimu.

Ndinaganiza zomugwira ndi ntchito yake yomwe. Munthu wonama amakonza zooneka, koma pepala amaliiwala. Ndinamuuza kuti andionetse pulani. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi pepala lalikulu. Zonse zinalipo. Nsanamira ziwiri kumanzere, ziwiri kumanja, zakutsogolo zazitali, zakumbuyo zofupikirapo kuti siteji ioneke yakuya. Masitepe atatu pakati, pomwe bwanamkubwa azikaima kuthawa madzi. Mpata kumanzere wolowera asodzi ndi ukonde wawo. Ndipo chinsalu chakumbuyo anachijambula ndi pensulo mwaluso: nyanja, ngalawa ziwiri za matanga, phiri, nyumba za mzinda, ndi mzere wa nsanamira zina zojambula zomka zichepa kutali. Dzuwa linali pamwamba kumanja, ndipo mthunzi uliwonse unagwera kumanzere. Ndinafufuza cholakwa, osachipeza. Ndinam'bwezera pepalalo ndili wokwiya, chifukwa tsopano sindinadziwe choti ndikhulupirire.

Sabata yotsatira Che Atumani anabwera ndi felemu. Sanagwiritse matabwa opala aja, anapangira timitengo tina topepuka. Anaiimika pakhonde pomwepo, pakati pa mizati iwiri, pamene pankakhala mphasa yanga, ine n'kundisunthira pambali. Inali ndi mpini woti ukapukusa, nsalu inkakulungika pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono. Anakokapo bafuta uja mpaka kulimba ngati ng'oma. Tiyanjana anatulutsa mabulashi anga m'chitini momwe ndinawasiya mu Januwale, osandipempha n'komwe, n'kuyamba.

Thambo analipaka bwino. Nyanja anaipaka bwino, ngakhale buluu anachulukitsa. Ngalawa zinali ngalawa. Tsiku lachitatu anafika pa nsanamira zojambula zija. Yoyamba anaipatsa mthunzi kumanzere. Yachiwiri anaipatsa kumanja.

Ndinatsokomola. Sanatembenuke.

Yachitatu anaipatsa kumanzere, anabwerera m'mbuyo kuiyang'ana, anapendeketsa mutu, n'kuipatsanso wina kumanja. Nsanamira imodzi, mithunzi iwiri.

Ndinayesa kupirira, Mulungu ndi mboni. Ndinatembenukira kukhoma. Ndinadziuza kuti munthu wakufa alibe nazo ntchito nsanamira za ku Roma. Koma ndinkamva bulashi ikukwecha, ndipo ndinkadziwa kuti ikupita pa yachinayi.

"Tiya."

"Ababa?"

"Ku Roma kuli madzuwa angati?"

"Bwanji kodi?"

"Ndafunsa kuti kuli madzuwa angati. Chifukwa apa ndikuona awiri, ndipo lachitatu likutuluka."

"Anthu sadzaona zimenezo, adzakhala akuseka."

"Adzakhala akuseka dzina langa. Bweretsa kuno."

A Enid anatulukira ndi mpando msangamsanga, ngati anali ataugwira kale kuseri kwa chitseko. Unali mpando wanga wakale, koma wina anali atauwonjezera chotsamira mkono kudzanja lamanja ndi kabowo koikamo chitini cha penti. Anandikhazika. Ndinatambasula mkono, ndipo bulashi inafika pansalu ndendende, osaweramira kutsogolo, osakweza phewa. Pamene sindinafikepo, Tiyanjana ankapukusa mpini, nsalu n'kutsikira kwa ine.

Pamenepo ndinamvetsa zomwe Che Atumani ankayeza. Kutalika kwa mphasa kunali kwa felemu, kuti ikwane pakati pa mizati. Mkono unali wa mpando. Silinali bokosi. Ndinaseka mpaka mimba kuwawa, ndinaseka mpaka a Enid kuyamba kuchita mantha. Ndinawauza zonse zomwe ndinkaganiza, za bafuta, za ziliza, za tepi. Onse anaseka nane. A Enid anati ndine chitsiru kuyambira kubadwa, ndipo mawu amenewo anandikoma kuposa mankhwala onse a ku Blantyre.

Masiku asanu otsatira anali abwino, sindinama. Ndinafufuta mithunzi yonama ija. Ndinasakaniza laimu ndi makala pang'ono ndi kadontho ka buluu, chifukwa mthunzi wa chinthu choyera si wakuda, ndipo aliyense woupaka wakuda akagulitse tomato. Ndinachepetsa buluu wa nyanja, kufupi ndi gombe n'kuikamo kobiriwira. Tinakangana za ngalawa. Iye ankafuna maso ojambula kutsogolo kwake monga zilili m'buku, ine ndinati ndiwonjezerapo dzina, chifukwa boti lopanda dzina ndi la wakuba, kaya ndi ku Roma kaya ndi ku Makanjira. Ndinamuuzanso kuti nsanamira za bango zija azipake kotuwa mbali ya kumanzere kuti zigwirizane ndi za pansalu, apo ayi anthu adzaona pomwe bodza layambira. Dzanja likatsamira pa thabwa la mpando lija linkamvera. Ndinayambanso kudya.

Koma mutu wanga sugona, ndiwo mlandu wake. Ndikupenta choncho, ndinakumbukira chinthu china. Tiyanjana ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinapita naye kukalemba golosale ina pa Mpondasi. Ndinamupatsa botolo la chakumwa kuti ajambule pakona, iye n'kulipatsa mthunzi mbali zonse ziwiri. Ndinamulamula kuti afufute ndi laimu n'kuyambiranso, anthu akuonerera, iye akulira. Ndinamuuza kuti dzuwa ndi limodzi. Chiyambire tsiku limenelo sanalakwitsepo mthunzi, ngakhale pojambula m'fumbi ndi chala. Papepala lake lomwe mithunzi yonse inali kumanzere. Ndiye kuti analakwitsa dala, kuti ndidzuke.

Poyamba zinandisangalatsa. Kenako ndinadzifunsa kuti, munthu woti achira amamunyengerera chifukwa chiyani? Amangomudikira. Achira, adzuka yekha, apenta chaka chamawa.

Yankho linabwera ndi chikwangwani. Lolemba m'mawa, asanapite kuntchito, Tiyanjana anandisiyira bolodi ndi kapepala ka mawu oti ndilembe: dzina la sewero, malo, nthawi ndi tsiku. Kapepalako kanali kotayipa ku ofesi ya sukulu. Pa tsiku panali polembedwa 19 Julayi, potsekera teremu, monga amachitira chaka chilichonse. Wina anakhwatchapo ndi bolopeni n'kulemba pamwamba 17 Meyi. Zilembo zake ndinazidziwa, chifukwa amene anamuphunzitsa kulemba M wa miyendo yowongoka ndine.

Tiyanjana anali atafika kale pageti, chikwama paphewa.

"Tiya, tabwera."

"Ndachedwa, Ababa."

"Uchedwe. Khala apa."

Anakhala pansi pafupi ndi mpando. A Enid anali akusesa, tsache linaima.

"Ndani wasintha tsikuli?"

"A hedi."

"Wawapempha ndani?"

Nthawi ino analibe yankho lokonzeka.

"Mithunzi ija unalakwitsa dala. Ndakukhululukira. Mpando uwu mwandipangira mobisa. Ndathokoza. Koma ine ndine bambo ako, si mwana woti uzimunyengerera ndi masuwiti. Dokotala uja anati chiyani?"

A Enid anati, "Achimwene, zisiyeni izi."

"Achemwali, inu sesani."

Tiyanjana anayang'ana nsalu ija, osati ine. Anati, "Anati chotupacho chili pachiwindi ndipo chafalikira. Anati sangachite opaleshoni."

"Anapereka nthawi?"

"Miyezi itatu. Mwina inayi."

Ndinawerenga pa zala ngati mwana wa Sitandade 1. Malichi, Epulo, Meyi. Julayi kunalibe.

Ndinachita mantha. Ndinali nditaliganizira kwa masabata asanu ndi awiri, ndinali nditadziika m'bokosi kambirimbiri m'mutu mwanga, koma kulimva ndi khutu ndi chinthu china. Pambuyo pa manthawo panabwera mkwiyo.

"Masabata onsewa ukundiyang'ana m'maso n'kumandinamiza?"

"Ndikanakuuzani mukanatani, Ababa? Mukanatembenukira kukhoma n'kumadikira. Munali mutayamba kale." Misozi inali ikutsika koma mawu sananjenjemere. "Sewerolo ndi loona. Ntchitoyi anandipatsa mu Januwale, ndipo ndinkafuna tidzaigwire limodzi mukachira. Atandiuza zija ndinaona kuti kudikira kulibe."

"Unayenera kundiuza."

"Amayi munawauza?"

Mwanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi nthawi imeneyo, ndipo ndine ndinamuuza kuti akamalowa kuchipinda kwa mayi ake azimwetulira. Zonse ziwiri anaphunzira kwa ine, za mthunzi ndi za bodza, ndipo zonse anazigwira bwino.

Kabaza amene ankamudikira pageti anatopa n'kuchoka. Kenako ndinati, "Ndipatse bulashi yaing'ono ija. Seveni uyu walemba ngati khasu."

Masana ake Che Atumani anabwera kudzakhoma masitepe. Anayala matabwa opala aja pabwalo, anaika misomali pakamwa, anatenga sowo n'kuika bondo pa thabwa loyamba.

"Che Atumani, musadule."

Anandiyang'ana.

"Masitepe akhale aatali momwe matabwawo alili. Bwanamkubwa ndi wonenepa, apeze poyenda. Ndipo misomali ikhale yochepa, ya m'mphepete mokha, yoti izidzazuka osang'amba thabwa. Penti ayi, tidzayalapo nsalu."

Anachotsa misomali pakamwa mmodzimmodzi n'kuiika m'thumba. Anayang'ana kwa a Enid, a Enid anagwedeza mutu. Anabwera kudzakhala pansi pafupi nane.

"Matabwawa ndinasankha ndekha," anatero. "Mwana wanu anati abwere alionse. Ine ndinati ayi."

"Ndinaona. Ndani amapala matabwa a sewero?"

"Inu Akhristu mumawononga matabwa abwino."

"Tiwononga, ndipo mukhoma ndinu."

Pa 17 Meyi ananditengera ku holo pa galimoto ya a hedi, ndi mpando wanga womwe. Anandiika kutsogolo. Atatsegula makatani, anthu anati phuu, kenako mayi wina kumbuyo anafunsa mokweza kuti simenti yonseyi aitenga kuti. Nsanamira za bango ndi za pansalu zinalumikizana, osadziwika pomwe zenizeni zathera. Bwanamkubwa anaimba nyimbo yake yokana kusamba, asodzi anamuzungulira ndi ukonde, ndipo pamapeto anamunyamula n'kukamuponya m'nyanja yanga, kuseri kwa nsalu komwe wina anakhuthula ndowa ya madzi. Anthu anagwa m'mipando ndi kuseka. Ine sindinaone zambiri za sewerolo. Ndinkayang'ana mithunzi, ndipo yonse inali kumanzere. Ndinkayang'ananso Tiyanjana ataima m'mbali mwa siteji, laimu ali m'tsitsi, akuseka uku akundisuzumira.

Nsalu yojambula yatsala kusukulu, akuti adzaikhoma mu holo. Nsanamira ana anagawana. Bafuta wotsala, mamita anayi oyera osakhudzidwa ndi penti, a Enid anamupinda n'kumuika pansi pa chikwama chawo, ndipo tsopano akunditsutsa pa chilichonse monga kale.

Matabwa anabwera dzulo pa kabaza, monga anabwerera poyamba. Che Atumani anazula misomali yonse, palibe thabwa linang'ambika. Powasanja pansi pa denga la khonde, limodzi linatembenuka, ndipo panaoneka manambala a pensulo aja. Ananyowetsa chala ndi malovu kuti afufute.

"Asiyeni," ndinatero.

"Uwu unali muyeso wa mphasa, Che Basil."

"Ndikudziwa. Mphasayo imandikwana bwinobwino."

Anapukuta chala pa malaya, n'kuika thabwalo pamwamba pa anzake.